Akumwaza Mboni

Mnzanga wina amene tidayamba naye ntchito ya boma chaka chimodzi adapita ku France kukachita maphunziro a miyezi itatu. Pobwera adatitengera timphatso, wina kansalu, wina kabotolo ka mafuta onunkhira. Iye mwini adadzigulira pepala. Ndidakalipeza lili m'felemu ya galasi, litakolekedwa pabalaza pakati pa chithunzi cha ukwati wake ndi kalendala ya kutchalitchi. Lidali pepala lopapatiza, lalitali chopingasa, lofiirira ndi ukalamba. Kumanzere kwake kudali chithunzi cha sitima yapamadzi ndi migolo, pakati padali zolemba zamanja zopendekeka bwino ngati za aphunzitsi akale a kumishoni, ndipo pakona padali sitampu ya msonkho. Adandiuza monyadira kuti adaligula ku Paris kwa ogulitsa mabuku akale a m'mbali mwa mtsinje wa Seine, pamtengo wosaposa wa chakudya chamasana. Wogulitsayo akuti adali ndi bokosi lodzaza, munthu n'kumasankhamo ngati pa kaunjika.

Ndidapempha kuti ndione kuseri kwake. Sizidatheke, pakuti wopanga felemu adali atamata pepalalo pakatoni ndi guluu. Mnzangayo adaseka nandifunsa kuti kuseri kwa pepala ndikukafunako chiyani. Tidakangana mpaka tiyi adazizira, ndipo popeza pakamwa adandiposa, ndati mbali yanga ndiilembe.

Pepala lotere Afalansa amalitcha lettre de change. Ine ndizingoti kalata ya malipiro. Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Bordeaux wagulitsa vinyo pangongole kwa mnzake wa ku Rouen. M'malo motuma munthu kukatenga thumba la ndalama zasiliva, n'kuyenda nalo masiku ambiri m'misewu ya achifwamba, wa ku Bordeaux ankalemba kalata yolamula wa ku Rouen kuti pa tsiku lakutilakuti alipire ndalama zakutizakuti kwa munthu wotchulidwa m'kalatamo. Wa ku Rouen akavomera, ankasaina pakalatapo. Kuyambira pamenepo pepalalo linkayenda ngati ndalama. Amene ali nalo sankayenera kudikira tsikulo: ankatha kusaina kuseri kwake ndi kulipereka kwa munthu amene iye ali naye ngongole, ameneyonso n'kusaina n'kupatsira wina. Koma kusainako sikudali kwa masewera. Aliyense woika dzina lake kuseriko ankadzimangirira chingwe m'chiuno, chifukwa wolipira uja akalephera, mwini kalata ankatha kugwira aliyense mwa osainawo. Malo akatha kuseri, ankamatirira kapepala kena kotchedwa allonge kuti mayina apitirire.

Mwaona tsono chimene ndinkafuna kuseri kwa pepala la mnzanga. Kumaso kuli sitima ndi migolo zimene wosindikiza ankajambulira aliyense wobwera ndi ndalama. Kuseri ndiye kuli anthu: amene adakhulupirira mnzake, mumzinda uti, pa tsiku liti. Wopanga felemu adasunga chikomekome cha mkuyu, nabisa chimene chikadatiuza za m'kati mwake.

Makalata amenewa sadayambire ku France. Amalonda a ku Italy ndiwo adayamba kuwagwiritsa ntchito kwambiri zaka mazana angapo m'mbuyomo. Koma Afalansa adawakulitsa ndi kuwamangira malamulo. Mu 1463 mfumu Louis XI idapatsa mzinda wa Lyon misika ikuluikulu inayi pachaka, ndipo m'kupita kwa nthawi amalonda a m'maiko ambiri ankakumana kumeneko kufafanizirana ngongole pamapepala, ndalama zenizeni zosinthana manja zili zochepa. Mu 1673, m'nthawi ya Louis XIV ndi nduna yake Colbert, padatuluka lamulo la zamalonda limene wamalonda Jacques Savary adathandiza kulemba. Lamuloli lidanena zoyenera kulembedwa pakalata ya malipiro, ndipo nthawi yodikira yotchedwa usance idali masiku 30. Mu 1807 Napoleon adakhazikitsa buku latsopano la malamulo a zamalonda. Banque de France, imene idatsegulidwa mu 1800, inkafuna masiginecha atatu isanalandire kalata n'kupereka ndalama, ndiye kuti dzina la munthu kuseri kwa pepala lidali chuma chimene banki inkachiyeza.

Nanga wolipira akakanika? Mwini kalata ankaitana munthu wa lamulo, wonga masherifu athu, kuti akalembe chikalata chotchedwa protêt, chotsimikiza kuti ndalama zapemphedwa koma sizidaperekedwe. Kuchokera apo ndalama za milandu zinkaunjikana pamwamba pa ngongole, ndipo kufikira mu 1867 munthu ankatha kutsekeredwa chifukwa cha ngongole ya malonda. Ku Paris kudali ndende yakeyake ya angongole pamsewu wa Clichy. Ife okonda zolembalemba tili ndi mboni yathu pankhaniyi, Honoré de Balzac, amene bizinesi yake yosindikiza mabuku idagwa mu 1828 n'kumusiya m'ngongole zimene zidamutsata moyo wake wonse. M'buku lake Illusions perdues, wosindikiza wosalakwa amagwetsedwa ndi makalata a ngongole amene mlamu wake adasaina monamizira dzina lake, ndipo Balzac amawerengera owerenga mmene ndalama za milandu zimafufumira ngati mtanda wa mandasi. Mwa mapepala amene lero akugulitsidwa ngati maluwa a pakhoma, ena adagonetsa anthu ndi njala, ena adatsekeretsa bambo wa ana. Ena, ambiri ndithu, adalipiridwa bwinobwino pa tsiku lake, aliyense n'kupita kwawo. Koma poyang'ana pepala limodzi lili lokhalokha simungadziwe kuti lanulo ndi liti mwa amenewa.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa, ndipo silikupita kwa mnzangayo ayi. Likupita kwa amalonda a mapepala akale amene amagula mtolo wathunthu wa zikalata za kampani imene idatha kalekale, wopezeka m'denga la nyumba kapena m'chipinda chapansi, n'kuumasula kuti agulitse tsamba limodzilimodzi. Masamu awo ndi osavuta: mtolo wonse uli ndi wogula mmodzi, pamene masamba mazana atatu ali ndi ogula mazana atatu. Lokhala ndi chithunzi chokongola lipita kwa wokongoletsa nyumba. Lokhala ndi sitampu yosowa lipita kwa wosonkhanitsa masitampu a msonkho, amene adayamba kumatidwa pamakalata otere cha m'ma 1860, ndipo alipo ena amene amadula sitampuyo n'kutaya pepala lonse. Lolembedwa tsiku la kalendala ya nthawi ya chipolowe chochotsa ufumu, imene idagwira ntchito kuyambira mu 1793 mpaka kumapeto kwa 1805, likwera mtengo chifukwa cha mayina achilendo a miyezi. Mabuku a akaunti ndi makalata wamba opanda chithunzi, amene ndiwo amafotokoza nkhani yonse, amatsalira pansi pa bokosi.

Ndagwira ntchito ya mafayilo zaka zoposa makumi awiri, ndipo chinthu choyamba chimene adandiphunzitsa nditangolowa ndi chakuti pepala silichoka m'fayilo. Tsamba lililonse lili ndi nambala yake pakona, ndipo lili pamalo pake chifukwa cha limene lili patsogolo ndi limene lili pambuyo. Kalata yoti "ndavomereza" ilibe tanthauzo ngati simukuona chimene chidapemphedwa. Mukapeza tsamba 14 ndi tsamba 16 koma 15 palibe, mumadziwa kuti pali munthu amene sakufuna kuti china chake chidziwike. Wogulitsa uja amazula tsamba 15 maulendo mazana atatu, ndipo amatero mosabisa, dzuwa likuswa mtengo, chiphaso cha bizinesi chili m'thumba.

Chondipweteka n'chakuti nzeru imeneyi dziko lonse lidaiphunzira kwa Afalansa omwewo. Mu 1841 katswiri wawo wa zikalata zakale, Natalis de Wailly, adakonza malangizo a boma onena kuti zikalata zochokera ku banja limodzi, kampani imodzi kapena ofesi imodzi zisungidwe pamodzi, zisasakanizidwe ndi zina ngakhale zitakhala za mutu wofanana. Mfundoyi amaitcha respect des fonds, ndipo nkhokwe za zikalata m'maiko ambiri zimaitsata mpaka lero. Phindu lake tikuliona ku Prato, ku Italy, kumene wamalonda Francesco Datini, amene adamwalira mu 1410, adasiya makalata pafupifupi 150,000 pamodzi ndi mabuku ake a akaunti. Chifukwa choti mtolowo sudamwazike, akatswiri a mbiri amatha kutsata ubweya kuchokera kumene udagulidwa mpaka kumene nsalu idagulitsidwa, ndi kuona amene adalipira ndi amene adathawa. Akadaugulitsa tsamba limodzilimodzi, bwenzi lero pali mabalaza ambiri okongola ndipo za Datini sitikudziwapo kanthu.

Mnzanga uja adandiyankha kuti ndikukuza nkhani. Ngongole ya vinyo ya anthu amene adafa kalekale, kudziko la eni, ikutikhudza bwanji ife? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'mawu ochepa amene amapezeka pamakalata ambiri otere. Lamulo linkafuna kuti kalata inene chimene chidaperekedwa posinthana ndi ndalamazo. Amalonda ankangolemba kuti valeur reçue en marchandises, kutanthauza kuti mtengo wake walandiridwa m'katundu. Katundu wanji? Kalata sinena. Zimenezo zinkalembedwa m'buku la akaunti ndi m'kalata ina yodziwitsa wolipira, zomwe zija zotsalira pansi pa bokosi.

Tsono kumbukirani kuti boma lomwelo la Louis XIV lidatulutsa mu 1685 lamulo lotchedwa Code Noir, limene lidanena poyera kuti kapolo ndi katundu wonyamulika, monga mpando kapena ng'ombe. Kuchokera padoko la Nantes lokha padanyamuka maulendo a sitima oposa 1,700 okagula anthu ku Africa, ndipo Bordeaux, La Rochelle ndi Le Havre nawonso adachita nawo malondawa. Ulendo umodzi wotere unkatenga chaka kapena kuposa, ndipo ndalama zake zinkabwerera pang'onopang'ono, pakuti eni minda ya nzimbe a ku Saint-Domingue, kumene lero ndi Haiti, ankagula anthu pangongole. Malonda a ngongole yaitali chotere ankayenda pamapepala. Ndipo si kumadzulo kwa Africa kokha kumene sitimazo zinkapita. Afalansa a pazilumba za Île de France ndi Bourbon, zimene lero ndi Mauritius ndi Réunion, ankagula anthu ku chilumba cha Mozambique ndi ku Kilwa. Mu 1776 wamalonda Jean-Vincent Morice adapangana ndi mfumu ya ku Kilwa kuti azigula anthu 1,000 chaka chilichonse. Njira zodyetsa misika imeneyo zinkalowa kumtunda mpaka kuchigawo cha nyanja yathu, ndipo pakati pa anthu amene kuzilumbako ankangowatcha Mozambique padali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Anthu amenewa sadasiye kalata. Ambiri ngakhale dzina lawo lenileni silidalembedwe paliponse. Chimene chidatsala cha iwo ndi manambala m'mabuku a amene adawagula, ndi mapepala a ndalama zimene zidayenda pamwamba pawo.

Ndisanamizire. Makalata ambiri amene ali m'mabokosi a ogulitsa lero ndi a zaka za m'ma 1800, ndipo ndi a sopo wa ku Marseille, nsalu za silika za ku Lyon, vinyo, zikopa, misomali. France idathetsa ukapolo komaliza mu 1848, itauthetsapo mu 1794 ndi kuubwezeretsa mu 1802. Sindikunena kuti pepala la pabalaza pa mnzanga lili ndi magazi. Ndikunena kuti iye sangadziwe, ine sindingadziwe, ndipo wogulitsa amene adamasula mtolo adaonetsetsa kuti pasadzapezeke wodziwa. Makolo athu adati mlandu suwola. Koma mlandu umene mboni zake zamwazidwa, ina ili ku Tokyo, ina ku New York, ina pakhoma la mnzanga itamatidwa ndi guluu, udzazengedwa ndi yani? Mu 1825 dziko la France lidalamula Haiti kulipira mafranki 150 miliyoni ngati chipepeso kwa amene adataya minda ndi akapolo. Mu 1849 lidalipira eni akapolo a m'madera ake ena, osati akapolowo. Mu 2001 nyumba ya malamulo ya dzikolo idavomereza kuti malonda a akapolo adali mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu. Ofufuza amene akufuna kudziwa kuti ndalama zimenezo zidathera m'manja mwa yani, zidamanga nyumba ziti ndi makampani ati, amadalira mitolo ya mabanja ndi makampani. Mtolo uliwonse womasulidwa ndi njira imodzi yotsekeka.

Osonkhanitsa mapepala ali ndi yankho, ndipo ndiyenera kulipatsa ulemu wake, pakuti ndi lolimba. Amati pakadapanda iwo, mapepalawo bwenzi atapita kumoto kapena kufakitale yopanga makatoni. Kampani ikatha, adzukulu amafuna chipinda, safuna fumbi. Chimene chimapulumutsa pepala kudzala ndi mtengo umene wogula waliikira. Amatinso ku Paris kuli bungwe lotchedwa Le Vieux Papier, limene lidayamba mu 1900, ndipo anthu otere adaona phindu la mapepala wamba pa nthawi imene akatswiri a mbiri ankangosamala za makalata a mafumu. Zonsezi n'zoona. Ndipo ine ndilibe nkhope yoti ndingawaloze chala kwambiri. Pa ofesi ina imene ndidagwirako ntchito, mafayilo akale tidawaunjika m'chipinda chodontha mpaka chiswe chidamanga chulu pakati pake, ndipo tsiku lina ndidagula mandasi pamsewu atakulungidwa m'tsamba lokhala ndi chidindo chimene ndinkachidziwa bwino. Wogulitsa wa ku Paris amalemekeza pepala kuposa mmene ife tidachitira.

Koma kuposa ife si muyeso wokwanira. Munthu amene wavuula banja m'madzi timamuthokoza. Akayamba kugawa anawo mmodzimmodzi kwa odutsa m'njira, kuthokoza kumathera pomwepo. Ndipo sizoona kuti njira zilipo ziwiri zokha, dzala kapena felemu. Lamulo la France limaletsa kugulitsa zikalata za boma, ndipo ngakhale za anthu wamba, zimene eni ake ali ndi ufulu wogulitsa, boma limatha kulowererapo pa okushoni n'kuzigula pamtengo womwe wafikidwawo. Ku Roubaix, m'fakitale yakale ya thonje, mudatsegulidwa mu 1993 nkhokwe yosungira zikalata za makampani ndi za anthu apantchito. Chigawo chilichonse cha dzikolo chili ndi nkhokwe yakeyake. Malo opititsa mtolo wathunthu alipo. Chimene chimasowa ndi phindu la wogulitsa, ndipo akanena kuti akupulumutsa mbiri pamene akupulumutsa thumba lake, tiyenera kumuuza kuti tamuona.

Ena amati makalata amenewa alipo miyandamiyanda, kutayika kwa ochepa sikungasinthe kanthu. Inde, adasindikizidwa ambiri, ndipo ena ankalembedwa makope awiri kapena atatu otumizidwa pa sitima zosiyana kuti imodzi ikamira ina ifike. Koma kuchuluka kwa anthu padziko sikuchititsa kuti mboni ya mlandu wanu ikhale yosafunika. Mapepala ofanana maonekedwe alipo ambiri, koma lonena kuti wakuti adakhulupirira wakuti pa tsiku lakuti ndi limodzi. Ndiponso sapanganso ena. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mabanki a ku France adayamba kusamutsira makalata a malipiro m'makompyuta, ndipo zolemba zamanja ndi mayina a kuseri zidayamba kuzimirira. Nkhokwe ija siidzadzanso. Ikungophwa.

Sindikuti anthu aleke kusonkhanitsa. Inenso ndili ndi kabokosi kanga ka ndalama zakale za mapepala, ndipo ndimadziwa kukoma kwa kugwira chinthu chimene chidadutsa m'manja mwa anthu amene kulibe. Chimene ndikufuna n'chochepa. Wogulitsa amene wapeza mtolo ayambe waupereka wathunthu kwa osunga zikalata asanaumasule. Akakana kuugula, aujambule wonse, tsamba lililonse kumaso ndi kuseri, zimene lero foni ya m'manja imachita madzulo amodzi, ndipo tsamba lililonse logulitsidwa lipite ndi mawu onena kumene lidachokera. Wogula naye afunse kuti pepalali lachokera mu mtolo wa yani, monga momwe wogula ng'ombe pamsika amafunsira kalata yake, ndipo wogulitsa akayankha kuti sakudziwa, mtengo utsike. Ogula akamafunsa, ogulitsa adzayamba kusunga mayankho, pakuti khutu la wamalonda limamva msanga pamene pakhudza ndalama. Za lumo lodulira masitampu ndi guluu sindikufuna n'kukambako komwe.

Patapita milungu ingapo mnzanga uja adandiimbira foni. Sadanene kuti ndidalondola, ndipo sindidayembekeze kuti anganene. Adangoti mkazi wake akufuna kusintha felemu, ndiye ngati ndikufunabe kuona kuseri ndifike Loweruka. Tidayala pepalalo pathebulo, tidanyowetsa katoni pang'onopang'ono ndi nthunzi ya m'ketulo, tikupalapala ndi mpeni wa buledi. Akatswiri akadationa akadalira. Guluu adanyamula khungu la pepalalo m'malo awiri. Tidawerenga mayina atatu, lililonse ndi mzinda wake ndi tsiku lake, limodzi lili la mkazi wamasiye amene ankayendetsa bizinesi ya malemu mwamuna wake. Dzina lachinayi theka lake lidatsalira pakatoni. Pansi penipeni padali mzere wa guluu wakale, wouma ndi wakuda, wosiyana ndi wa wopanga felemu, pamene padamatidwapo kapepala kena kopitiriza mayina. Kapepalako padalibe.